Chikhatho pa Mphuno ya Boti

Aqaba, 22 Meyi 1988

Okondedwa amake Nagat,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu, inu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija limandikumbutsa zaka zanga ndikamatsika m'boti. Kaya inu mutu uja unaleka? Musamangomanga mpango n'kumati zatha, pitani kuchipatala.

Achimwene anu a Shehata anafika bwino pa sitima ya ku Nuweiba. Ndinawapeza atakhalira chikwama chawo, akukangana ndi wapolisi za mphepo ya mawa. Tikugona chipinda chimodzi. Mkonono wawo mukuudziwa, ndiye musandifunse ngati ndikupeza tulo.

Ntchito ndawapezera monga munandipempha, yotsuka ndi kusamala zingwe pa boti la matanga lomwe ndimayang'anira ineli, la bwana Abu Samer, wogulitsa matailosi wa ku Amman uja. Chitupa chawo chogwirira ntchito sichinatuluke, choncho akugwira mobisa. Ndawauza kuti akaona yunifomu azikhala ngati mlendo wongodzandiona. Tsiku loyamba analizungulira botilo, naligogoda ndi chala, nati, "Awad, ili ndi boti kapena beseni losambitsira mwana? Thabwa lili pati?" Ndinawatchula monga timatchulira akapitawo a maboti kwathu, ndinati, "Rayisi, besenili lingagule msewu wathu wonse wa ku Ezbet el-Borg, nyumba ndi nkhuku zomwe." Sanaseke. Zikuwawawa, amake Nagat. Munthu amene anayamba kulamula boti la asodzi ine ndisanamere ndevu, lero wagwira tsache, womulamula n'kukhala mlamu wake wamng'ono. Ndikuyesetsa kuti malamulo anga azimveka ngati mafunso.

Tsopano za ukwati wa mwana wathu Nagat. Lachinayi pa 4 Ogasiti ndavomera, popeza mkwatiyo, Atef, tchuthi chake cha ku Iraq n'chachifupi ndipo sangadikire. Bwana akupita ku Ulaya kukaona mwana wake, abwera pa Idi ya nsembe. Pasipoti yanga ili kwa iye monga mwa nthawi zonse, koma walonjeza, dzanja pachifuwa, kuti akadzapeza boti lake lili bwino adzandipatsa pamodzi ndi mwezi wa tchuthi. Muuzeni Nagat kuti wodzagwira dzanja la Atef pamaso pa shehe n'kunena kuti ndakupatsa mwana wanga ndi ineyo bambo wake.

Ndatumiza kangachepe kudzera mwa Metwalli wa lole. Wosoka matiresi musamulole kubwera ndi thonje lake. Mugule nokha, ndipo wina azikhala pompo akamalilonga.

Ine wanu,
Awad

Aqaba, 9 Juni 1988

Amake Nagat,

Moni wanga alandire onse a m'nyumbamo, kuyambira inu mpaka kamphaka kakuba kaja. Kalata yanu ndaiwerenga. Ndakondwa kuti mutu unali wa maso chabe. Magalasiwo muzivala, musachite manyazi, ine ndinakukwatirani kale. Ife tili moyo, koma kutentha kwayamba mwaukali.

Ndolo zagolide gulani tsopano. Mtengo womwe mwandiuzawo wandiumitsa kukhosi, koma mwezi wamawa udzaposa pamenepo. Za firiji dikirani ndibwere.

Kuntchito kuli kavuto kakang'ono, kosati n'kukusowetsani tulo. Mukudziwa kuti botili ngakhale ndi la matanga, polowa ndi potuluka padoko timadalira kainjini. Sabata yatha nditaika livesi, injini inangolira, boti osabwerera. Ndinafika pakati pa pemphero la Fatiha, ndi pamene giya inagwira, gu! Nditatsegula pothirira oyilo wa giyabokosi ndinapeza wakuda bii, wokhuthala ngati uchi wa nzimbe. M'menemo mumayenera kukhala oyilo wofiira, wopepuka.

Ndinati, "Rayisi, mwagwirako apa?"

"Nanga ndikanasiya? Ndinapeza muli timadzi tofiira ngati sharubati womwa paukwati. Ndinataya, n'kuthiramo oyilo wachimuna amene timathira kwathu. Undithokoze."

Anachita zimenezi sabata yomwe anafika, pofuna kundidabwitsa, ndipo nthawi yonseyi takhala tikuliyendetsa chomwecho. Ghulam, makaniko wa ku Pakistan wa padoko pano, anabwera n'kununkhiza, kenako anawayang'anitsitsa achimwene anu. Akuti zogwirira zam'kati zasalala, n'chifukwa chake zikuterereka. Akuti tizitsuka ndi oyilo wofiira kangapo, mwina idzuka. Mwina wakeyo sindinamukonde.

A Shehata ndawauza kuti asakhudzenso kiyi. Anayankha kuti anayamba kuyendetsa maboti Ghulamyo akuyamwa. Musawauze amayi anu zimenezi, angayambe kuda nkhawa pachabe.

Wanu,
Awad

Aqaba, 21 Juni 1988

Amake Nagat,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ife tili moyo, Mulungu atamandike. Achimwene anu anadzigunda nthiti pang'ono koma akuyenda ndipo akudya.

Ndalemba mofulumira chifukwa Metwalli akunyamuka. Mwezi uno sinditumiza kanthu. Pali zogula zina zadzidzidzi zakuntchito. Zovala za ana zidikire, koma za Nagat musachepetse chilichonse.

Mukamva nkhani kuchokera kwa anthu obwera kuno, musaigwirire. Anthu athu akaona nyerere padoko, pofika ku Nuweiba yasanduka ngamila. Mutipempherere basi.

Awad

Aqaba, 3 Julayi 1988

Okondedwa amake Nagat,

Moni ndi madalitso. Thupi lili bwino, nthiti za achimwene anu zikupola. Ndamva kuti Metwalli sanadikire n'komwe kuti mumupatse tiyi, wakhuthula zonse pakhomo. Pakamwa pa munthu ameneyo palibe mabuleki ngati lole yake. Poti mwamva zokhotakhota, imvani zoongoka, koma zithere m'chipinda chathu.

Tsikulo ndinapita m'tauni kukagula oyilo wofiira. Akuluakulu a padoko anabwera n'kunena kuti boti lisunthidwe, akufuna kukonza khoma. A Shehata anati palibe chodikirira Awad. Ine ndikulowa pageti ndinaliona likubwera.

Mukudziwa mmene amalowera padoko kwathu. Liwiro lonse, ndudu pakamwa, anthu onse akuonerera, ndiye pafupi penipeni ndi khoma livesi mwamphamvu, boti n'kuima chilili. Likagunda pang'ono, matayala ndi thabwa zimalandira, aliyense n'kuseka. Kuno kulibe matayala, ndi simenti yokhayokha. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndinawaona akukoka livesi, injini ikulira, boti likubwerabe.

Phokoso lake silinali lalikulu n'komwe, linangoti khwaa. Mphuno ya boti inang'ambika bowo loti mutu wa mwana n'kulowa, mwayi wake pamwamba pa madzi. Ndinawapeza atakhala pansi pa chiwongolero, atagwira m'nthiti, ndudu ikadali pakamwa. Anati, "Linakana, Awad. Ndinaliuza, linakana." Ndinafuna kuwakalipira, koma nditaona nkhope yawo ndinangowadzutsa.

Mwafunsa kuti bwanji osangomuuza bwana. Ngozi ya padoko imalembedwa kupolisi, ndipo funso loyamba ndi lakuti anayendetsa ndani, chitupa chake chili kuti. Achimwene anu angalowe m'chitokosi pa msinkhu umenewu, kenako n'kuwakweza sitima atawamanga. Komanso tchuthi changa chingathere pomwepo. Mlonda ndi wa ku Sohag, mnzathu wakwathu ku Iguputo, watseka pakamwa. Mphunoyo taiphimba ndi thanga lakale ngati tikuitchinga dzuwa.

Tikukonza tokha, Ghulam akutilangiza. A Shehata poyamba anati, "Bweretsa thabwa, misomali ndi phula, pofika masana tamaliza." Ghulam anaseka mpaka kukhosomola. Botili ndi la faiba. Umapala m'mbali mwa bala, n'kuyala nsalu ya galasi, kupaka guluu, kudikira aume, kuyalanso ina, mpaka likhuthale ngati poyamba. Timayamba kukangocha chifukwa dzuwa likakwera guluuyo amauma ali m'chitini. Fumbi lake limayabwa mpaka m'zikope, ndipo manja anga simungawafune pa tsaya lanu.

Akuchimuna musawaonetse nkhope yankhawa. Mukawauza kuti ndikubwera, muzinena mokweza. Ophika mwawapeza? Musatenge uja anapsereza mpunga pa ukwati wa mwana wa aneba.

Ine wanu,
Awad

Aqaba, 17 Julayi 1988

Amake Nagat wanga,

Lero ndikulemba mtima uli m'malo pang'ono. Moni kwa ana, ndipo mundipsompsonere mkwatibwi pamphumi. Tili bwino tonse awiri, ngakhale taonda.

Bowo latsekeka. Chomwe chinatsala pang'ono kundipengetsa ndi chikopa choyera chapamwamba, utoto womaliza uja. Ndinkayesa kuyera n'kumodzi. Tinapaka koyamba, chigamba chinawala ngati dzino latsopano m'kamwa mwa nkhalamba, chifukwa boti lonse dzuwa linalidya kale. Tinapala. Kachiwiri chinachita chikasu. Tinapalanso, chitini chikunka chitha, mtima wanga ukutha nacho. Kenako achimwene anu anatenga kadothi kachikasu kunsonga ya mpeni, nasakaniza, nayang'ana cham'mbali diso limodzi atatsinzina, nati, "Paka." Amake Nagat, ine amene ndikudziwa pomwe panali bala ndimachita kupafufuza. Apakwecha ndi sandipepa mpaka zala zatuluka magazi. Salitchulanso beseni. Dzulo ndinawamva akulisisita n'kumati, "Pepa mwanawe."

Chatsala ndi polishi. Ghulam akuti chikopa chatsopano chimamwa chilichonse chochikhudza mpaka chitapakidwa polishi. M'sitolo watha, akuti abwera kuchokera ku Amman Idi isanafike. Ndimapitako m'mawa uliwonse, mwini sitolo wayamba kubisala akandiona.

Giyabokosi ndiyo ikundidya. Ghulam anaimasula, nakwecha zogwirira zija kuti zikhakhale. Injini ikakhala yozizira livesi imagwira bwinobwino. Ikatentha imayamba kuganiza kaye. Akuti mankhwala ake ndi zitsulo zatsopano zochokera ku Ulaya, ndipo zimatenga miyezi. Maganizo anga ndi akuti pasipoti ikalowa m'thumba langa, ndidzamuuze bwana kuti giyabokosi yakalamba, asatulutse boti mpaka itakonzedwa. Si bodza kwenikweni. Mulungu andikhululukire pa kotsalako.

Ndagula nsalu ya suti, yotuwa. Muuzeni telala andisungire malo, ndipo achepetse muyeso wakale uja m'chiuno. Madzulo ndikakhala kumbuyo kwa boti mapiri akwathu amaoneka tsidya linalo, pafupi zedi, ndipo ndimayamba kuyeseza mawu odzanena pamaso pa shehe.

Wanu nthawi zonse,
Awad

Aqaba, 25 Julayi 1988

Amake Nagat,

Idi yabwino kwa inu nonse, Mulungu atifikitsenso chaka chamawa. Matupi ali bwino. Zina zonse sizili bwino.

Polishi sanabwere.

Dzulo titachoka kopemphera, ife a ku Iguputo a padoko pano tinapha nkhosa yomwe tinasonkherana, kuseri kwa mashedi. Ine ndinatenga mwendo kukapereka kwa Ghulam m'tauni, chifukwa zimene watichitira ndalama sizingakwane. Anandikakamiza kudya, ndinabwerako dzuwa litapendeka. Ndinapeza thanga lija lachotsedwa pa mphuno, achimwene anu ataima pambali, akumwetulira koyamba chichitikireni ngozi.

Pa mphuno ya boti panali chikhatho cha magazi, zala zonse zisanu.

Ndinati, "Rayisi, mwatani?"

"Ndachita zimene unaiwala iwe. Boti lopulumuka pangozi silibwerera kuntchito lopanda magazi. Ntchito yokongola chonchi ukufuna anthu aidye ndi maso?"

"Munaika nthawi yanji?"

"Nkhosa isanaleke n'komwe kuphupha. Magazi ozizira sagwira ntchito."

Tsiku lonse dzuwa la Julayi linali likuwotcha magaziwo. Ndatsuka ndi sopo, mandimu, petulo, chilichonse. Zala zitatu zomwe zinagwera pa chikopa chakale zachoka. Chikhatho ndi zala ziwiri zomwe zinagwera pa chigamba zalowa m'kati, zofiirira, ndipo zathera ndendende m'mphepete mwa chigambacho ngati munthu wajambula ndi pensulo kuti bala linali apa. Ndinayesa kukwecha, nsalu ya galasi yayamba kuonekera. Chitini chinatha kalekale. Masitolo onse ndi otseka mpaka Idi ithe.

Ndawanena achimwene anu mawu amene sindingawalembe, pa tsiku la Idi, anthu akumva. Nyama sanadye, ndipo kuyambira dzulo akungokhala pakhomo la chipinda, dzanja lija atalibisa m'khwapa. Ndikudziwa anachita mwachikondi, ndi chimene chikundipweteka kwambiri. Bambo anga akanachita chimodzimodzi.

Bwana wafika kale ku Amman. Watumiza uthenga kuti mawa akubwera ndi akazi ake ndi zidzukulu, akufuna kukayenda panyanja. Ndili ndi mantha, amake Nagat, sindikubisirani.

Awad

Aqaba, 30 Julayi 1988

Okondedwa amake Nagat,

Mtendere ukhale panyumba pathu. Ndili moyo, sindikudwala, sindili m'manja mwa apolisi. Kalatayi akupatsani ndi achimwene anu. Muiwerenge mutakhala pansi, ndipo musawakalipire, zanga zija zinawakwana.

Bwana anafika wosangalala. Ataona chikhatho anaseka, nati, "Anthu a ku Iguputo inu, mpaka pa boti langa? Nanga zala zinazo mwadyera limodzi ndi nkhosa?" Ndinaseka nawo. Kenako anapasisita. Munthu wogulitsa matailosi amaona ndi zala. Anayendetsa chala m'mphepete mwa chigamba, nandiyang'ana. Mwina sanafune kuwononga tsiku pamaso pa banja lake. Anangoti, "Liza injini, Awad."

Pasipoti yanga inali m'thumba la shati yake. Kangodya kobiriwira kankaonekera. Anabwera nayo, amake Nagat, anasunga lonjezo.

Ndinaliza injini. Ndinadziwa kuti potuluka livesi igwira, koma pobwera, injini itatentha, ayi. Ndinadziuza kuti ndidzalowa pang'onopang'ono, ndidzaponya chingwe msanga, mwina mphepo idzakhala yofatsa. Ndikuganiza choncho, kamdzukulu kake kakakazi kanathamangira kutsogolo n'kukhala pa mphuno penipeni, miyendo ili lendelende kunja, n'kumakuwa kuti pano ndi panga mpaka pobwera. Ndinazimitsa injini.

Ndinati, "Bwana, botili lisatuluke." Ndinamuuza za oyilo, za livesi, za khoma.

Anafunsa kuti, "Anayendetsa ndani?"

A Shehata anasendera kutsogolo, pakamwa atatsegula kale. Ndinawaponda phazi mwamphamvu n'kunena kuti, "Ndine."

Anatiyang'ana tonse awiri. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Anati chifukwa ndi Idi, zakupolisi azisiya. Anati nkhalamba ya magaziyi asaionenso padoko. Kenako anakankhira pasipoti ija m'kati mwa thumba ndi chala chimodzi, nati zitsulo aitanitsa, ndipo ndidzapita kwathu tsiku limene boti lake lidzabwerere m'mbuyo iye akuona.

Ndinati, "Bwana, ukwati wa mwana wanga ndi Lachinayi la sabata yamawa."

Anati, "Ndikudziwa. Ukanandiuza mu Juni, zitsulo zikanafika kale." Ndi zoona. Anatuma dalaivala wake kukatenga bokosi m'galimoto, makapu a tiyi omwe anagulira Nagat ku Ulaya. Ali m'chikwama cha achimwene anu, ndawakulunga mu nsalu ya suti ija. Nsaluyo mumupatse Atef.

Tsiku musasinthe. Atef akabwerera ku Iraq osakwatira, anthu adzayamba kulankhula, ndipo adzalankhula za mwana wathu. Mchimwene ndilibe, mukudziwa, choncho ndalembetsa pepala lopereka mphamvu zanga kwa a Shehata kuti akaime m'malo mwanga pamaso pa shehe. Anakana, analira ngati mwana, anati ndiwalole apite kwa bwana akanene zoona. Ndinati, "Mukanene zoona kuti pa ukwatipo pasowe tonse awiri? Rayisi, mwandiwonongera boti, musandiwonongerenso ukwati. Kwerani sitima." Muwametetse, muwagulire nsapato, ndipo muwaphunzitse mawuwo bwinobwino asakawonjezere awo.

Nagat mumuuze nokha, musadikire amve kwa Metwalli. Mumuuze kuti bambo wake sanasankhe boti kuposa iye. Akakwiya musamuletse, ali ndi chifukwa.

Ndili ndi pempho limodzi. Mubwereke wailesi ya kaseti kwa aneba, muiike pansi pa tebulo pafupi ndi shehe. Nyimbo ndi ng'oma sindikuzifuna. Ndikufuna pamene shehe adzamufunse Nagat ngati wavomera, iye n'kuyankha. Mawu ake ndi aang'ono akachita manyazi, ndiye auzeni amayi aja agwire kaye nthungululu zawo mpaka amalize. Musamuuze kuti kasetiyo ndi yanga, angalire, ine osamva kanthu.

Ine wanu,
Awad, bambo wa Nagat